Ngale za m'munda mwanu

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji? Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo imatupa ndikaima tsiku lonse kusita. Ndikadali pantchito ija ya m'nyumba ku Benoni, ndipo ndikugonabe m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mayi wa Chizulu ku Wattville. Lero ndi Lamlungu, pa 3 Ogasiti 1997. Chikuikireni m'manda papita chaka chimodzi, miyezi khumi ndi masiku asanu ndi limodzi.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanu Lonesi anandilembera mu Juni kuti wachira, mwana wamkazi, ndipo wamutcha dzina lanu. Akuti ali ndi chipumi chanu chomwe. M'munda mwanu munatuluka madengu makumi anayi ndi limodzi a chimanga, kupatula mtedza ndi maungu. Lonesi ndi ana ake asanu adya mpaka kukumana ndi china. Chimene anadandaula n'chakuti madenguwo anawawerenga ndi nyemba, chifukwa kabotolo kanu ka ngale kanasowa m'nyumba tsiku lomwe tinameta maliro anu.

Kabotolo kaja ndakapeza, Amayi. Kanabwera kokha kuno ku Joni, m'sokosi ya mwana wanu wachisamba, achimwene a Binisoni.

Anafika Loweruka pa 5 Julayi atavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zala. Asanafunse ngakhale za moyo wanga anatseka chitseko, kuvula nsapato, n'kukhuthulira miyala ija pa thebulo. Inali itanyowa ndi mafuta ophikira. Akuti odziwa malonda amatero kuti iziwala. Ndinaiwerenga iwo akulankhula: makumi asanu ndi iwiri, monga inaliri pamene ndinkachoka kumudzi. Timiyala tofiira timene munkatola mukamapalira mvula itakokolola nthaka, timene munkasuntha kamodzikamodzi kuchoka m'chikho kupita m'botolo dengu likalowa m'nkhokwe. Ine kuwerenga ndinaphunzirira pa timeneti, sukulu inangondipeza.

Nkhani yawo inali iyi. Kwabwera amuna awiri a ku Lilongwe amene akufuna kukumba m'munda mwanu. Amalume anawauza kuti munda ndi wa mwana wamkazi wamkulu, ndipo mwini wake ali ku Joni, khasu la mlendo lisagwe pansi iye asanavomere. Ndiye achimwene anabwera kudzagulitsa miyalayo, kuti ine ndikaona ndalama zake ndisayine kalata imene anali atalemba kale.

Munthu amene sanathe kulima mzere umodzi osakhala pansi, lero akudziwa zimene zili pansi pa nthaka. Inu mukukumbukira munda wa a Nambewe, kutsidya kwa khwawa. Anavomera zomwezi. Anawasiyira maenje ofika m'khosi, dothi lofiira pamwamba, lakuda pansi, ndipo mpaka lero simumera ngakhale chisoso. Okumbawo anapita osatsazika.

Chimene chinanditopetsa kwambiri ndi nzeru za achimwene pa dzina lija la ngale. Pamaso pa anzanga awiri amene anabwera kudzalonjera mlendo, achimwene anafotokoza kuti mawu akuti ngale anachokera ku Goli, dzina limene Azulu amatchulira mzinda wa golide uno. Akuti machona akale ndi amene anabwera nawo mawuwo, pakamwa pa anthu a kwathu n'kupindika. Choncho, akuti, mwala uliwonse wotchedwa ngale kwawo ndi kuno, ndipo ukafika kwawo umakwera mtengo. Anayankhula zimenezi chala chili m'mwamba, munthu woti wagona ku Joni usiku umodzi.

Lamlungu lotsatira ndinafunsa mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi ku KwaThema, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Durban. Anaseka. Anati ngale yeniyeni si mwala wa m'nthaka ayi, ndi kanthu koyera kamene kamakula m'kati mwa chigoba cha m'nyanja yamchere, ndipo anakaonapo pakhosi pa akazi olemera. Kumene mawuwo anachokera anati sakudziwa, ndipo sanachite manyazi kunena kuti sakudziwa. Ndinamulemekeza pa chimenecho.

Inu nyanja yamchere simunaionepo. Mawuwo munawamva m'tchalitchi muli mtsikana, akuwerengedwa ngati dzina la chinthu chosagulika, ndipo munabwera nawo kunyumba n'kuwapatsa timiyala tanu. Ndili sitandade 4 ndinakufunsani tanthauzo lake. Munayankha mukusendeza chikho kuti ngale ndi kanthu kamene kakagwa m'fumbi umagwada kukafuna. Mwa matanthauzo atatuwa, ine ndimagwiritsa lanu.

Lachinayi pa 17 Julayi, tsiku limene ife a m'nyumba timapuma, ndinawatengera achimwene kwa bambo wina wachimwenye ku Actonville, wokonza mphete ndi mawotchi. Ndimamudziwa chifukwa adona anga amandituma kumeneko. M'njira ndinawachenjeza achimwene kuti andisiyire kulankhula. Anati nkhani ya miyala si ya akazi.

Titangolowa, anayamba Chifanakalo chija ankamvera kwa malemu bambo, cha m'migodi, chimene kapitawo ankakalipira nacho anthu. Iwo ankaganiza kuti ndicho chilankhulo cha Joni yense. Anamuloza bambo uja ndi chala, kumutcha wena, ndiye kuti iwe, kumulamula kuti abwere aone msanga, ngati akuitana wokankha ngolo. Bamboyo anavula magalasi, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenako anandiuza m'Chingerezi kuti munthu ameneyu akadikire panja, apo ayi tituluke tonse. Achimwene anatuluka akumwetulira. Anaganiza kuti ndi mwambo wa malonda.

Bamboyo anayamba n'kutsuka mafuta aja ndi sopo, akung'ung'udza. Kenako anaika kagalasi padiso, kumatenga mwala umodziumodzi, kuutembenuza pa nyale, kuukanda pa mwala wake wina. Anaiunjika kumanzere. Anati imeneyo ndi yofiira chabe, ilipo yambiri padziko, ina amaipera n'kupangira pepala lokhulira matabwa. Ndinawerenga naye mpaka makumi asanu ndi umodzi.

Wotsalawo ndi uja wotumbululukira, wa mbali zisanu ndi imodzi, umene munkausunga kuti ukhale wa dengu lomaliza. Anaukanda ndipo sunakandike. Anauyang'ana nthawi yaitali, kupita nawo pakhomo la kuseri kumene kunali dzuwa, kubwerera. Mawu ake anafewa. Anandikokera mpando, ine amene zaka zitatu ndakhala ndikuimirira m'sitolo imeneyo. Anatchula mtengo wofanana ndi malipiro anga a miyezi isanu ndi iwiri, ndipo pamene wogula wayamba yekha kutchula chotero, mukudziwa kuti mtengo weniweni wausiya m'thumba. Kenako anafunsa, ngati akufunsa za nyengo, kuti kodi kwathu ndi boma liti, mudzi uti, ndiponso ngati miyala ina yonga umenewu ingapezekenso kumeneko.

Ndinamuuza kuti ndinautola pamsewu ndili mwana, ndipo malo ake ndinaiwala. Anadziwa kuti ndikunama. Ndinamuthokoza, ndinamulipira ya kutsuka, n'kutenga miyala yanga.

Panja ndinawapeza achimwene akudya chipisi.

"Wati bwanji mmwenye? Zingati?"

"Wati ndi yokhulira matabwa, achimwene."

"Yonse?"

"Yonse ili m'botolomu."

Ndinawapatsa kabotolo. Munali miyala makumi asanu ndi umodzi. Wina uja unali m'kamwa mwanga, kuseri kwa tsaya, ndipo ndinayenda nawo chomwecho mpaka pokwerera takisi. Anakagwedeza kabotoloko, kukayang'anitsa padzuwa, n'kukabwezera m'sokosi. Sanawerenge. Anayenda nako masiku anayi kuchokera ku Ntcheu, anagona nako, analota nako galimoto, koma sankadziwa kuti muli ingati.

Sanandikhulupirire, ndipo ndinayembekezera zimenezo. Anati mmwenyeyo ndi wakuba ndipo ine ndine wogona. Sabata yotsatira mnzawo wina wa ku Tsakane, wogulitsa zipewa, anawatengera kwa ogula atatu m'tauni. Awiri anawauza zomwe zija. Wachitatu anawafunsa ngati ali ndi nkhuku zoti zimeze. Anabwerako madzulo atakwinya nkhope, n'kunena kuti inu munali munthu wosaphunzira, wotcha zinyalala maina akuluakulu. Ndinawaphikira tiyi. Kalata ija ankafuna kuti ndisayine anayatsira mbaula okha, poti kuno Julayi amazizira. Ananyamuka Lachiwiri pa 29, jekete ili pamkono. Kabotolo anakasiya pawindo, ndipo ndakapereka kwa mayi wina wodalirika amene akupita kwathu, kuti akapatse Lonesi.

Tsopano ndikuuzeni chimene chikundisowetsa mtendere. Munkati wonama amakolola kawiri, koyamba chimanga, kachiwiri manyazi. Ine ndanamiza mlongo wanga wa bere limodzi. Komanso mwala umenewu ukanafolera nyumba ya Lonesi ndi malata, ndipo iye sakudziwa kuti ndamumana. Ndaziwerengera mbali zonse. Ndikaugulitsa, achimwene amva, chifukwa malata sabisika. Akamva iwo, wamva aliyense wa pa bawo ndi pa mowa, ndipo sipadzafunikanso kalata yanga. Adzabwera ndi mapiki, amalume ali m'tulo kapena ali maso, n'kutembenuza munda wonse kufuna mnzake wa mwala umene mwina ulibe mnzake. Inu munalima mmenemo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, maso ali pansi, ndipo wotere munapeza umodzi. Malata ndidzagula ndi manja angawa, ngakhale zitatenga zaka ziwiri. Munda umadyetsa anthu asanu ndi awiri chaka chilichonse osafunsa kuti mtengo wa miyala uli pati.

Ngati ndalakwa, mudzandidzudzule ndinu. A Binisoni ayi.

Adona andilola kupita kumudzi pa 13 Disembala. Ndidzafika nthawi yopalira, ndidzamunyamula mdzukulu wanu, ndipo ndidzabwera kumanda ndi Lonesi kudzalambula. Mwalawo ndausokerera mumpendero wa siketi yanga ya ku Chigwirizano. Ndikukulonjezani kuti sudzaonanso sikelo ya munthu. Ndidzaukwirira kumutu kwanu, pamalo pamene ngakhale mwana wanu wachisamba sangayerekeze kufikapo ndi khasu.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,

Esinati