Mankhwala a Achimwene Akadali kwa Makoswe

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine mwana wanu Esinati.

Kuno mvula inagwa yosaleka, Bua anasefukira mpaka kudimba lanu lija la kumunsi, komabe mpunga wa faya tapezako. Matipate aja munawasiya akungonong'onedwa pano ali ponseponse. Khadi la chipani sitifunsidwanso pamsika, nsalu za zipani ndiye mbwee, koma sopo wakwera moti tikumudula pawiri.

Nkhani yandilembetsa si imeneyi ayi. Ndinali ndi pakati, amayi. Matenda anandiyamba ndikudula mpunga, miyezi isanu ndi iwiri isanakwane bwino. Mkamwini wanu anandikweza panjinga mpaka kumsewu, matola n'kutifikitsa kuchipatala cha ku boma. Ndinachira kamtsikana, kochepa zedi, koma tsitsi lokha lili bii ngati lanu. Vuto linali kupuma. Kakati kakoke mpweya, pachifuwa pamachita kulowa m'kati, kenako kakubuula. Anamwino anayesetsa, sindingawanamizire, koma ndinkaona kuti mwana wanga akutopa.

Apa n'kuti achimwene a Benadi ali kuno. Anachokera kusukulu kwawo ku Amereka kudzamanga chiliza chanu. Atalowa m'wodi n'kumuona mwanayo, nkhope yawo inagwa. Ndinawakakamiza kuti anene chomwe akuona, asandibisire ngati ndine mlendo.

Anatenga kajumbo ka shuga, n'kukanyowetsa m'kati, mbali zake n'kumatana. Akuti m'mapapo muli timatumba tambirimbiri, ndipo m'kati mwake mumakhala tinthu tamafutamafuta toletsa kuti tisamatane chonchi. Mwana akabadwa masiku asanakwane, mafutawo amakhala asanapangike, ndiye mpweya uliwonse amachita kulimbana nawo. Kunjako akuti amatenga mafuta otere m'mapapo a ng'ombe, n'kuwathira kukhosi kwa mwana ndi kachubu. Koma ndi odula, kuno sanafike, komanso m'mapapomo mukalowa madzi a m'magazi, mafutawo amafooka.

Ndiye tamvani, amayi. Ntchito imene mwana wanu wakhala akugwira zaka zonsezi ndi yomweyi! Akuti iwo ndi anzawo akusakaniza mafutawo ndi tinthu tina totalika ngati ulusi, tonanda ngati therere, toti tizikankhira mafutawo pamalo pake kuti asafooke. Zikatheka, ochepa okha azikwanira, mwina n'kutsika mtengo mpaka kufika kuno.

Mtima wanga unachita kudumpha. Ndinawagwira malaya, ndati, "Achimwene, ndiye mukudikira chiyani? Katengeni m'chikwama!" Anayang'ana pansi. Akuti sananyamule, ndipo ngakhale akananyamula sakanayerekeza, chifukwa padakali pano akuyesera pa makoswe, pa munthu sanayambe.

Makoswe, amayi! Makoswe omwe amatithera mpunga m'nkhokwe, a ku Amereka akulandira mankhwala, mdzukulu wanu akubuula pansalu. Ndinawalalatira pamaso pa anthu. Ndinawakumbutsa kuti munkawotchedwa ndi dzuwa pouma usipa kuti iwo aphunzire, ine n'kusiya sukulu kuti ndizikuthandizani. Ndikudziwa kuti sanalakwe. Atamupatsa mwana wanga chinthu chosayesedwa n'kumupweteka, ndikanawatukwananso. Koma kudziwa n'kwina, mtima n'kwina. Munkati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo." Ameneyu sanafike n'komwe pachala.

Mwanayo anapuma tsiku lonse ndi lotsatira lake, kenako anasiya.

Zotsatirazo mukuzidziwa, poti nanunso munkaperekeza anzanu. Mwana wosatuluka m'chikuta si maliro, ndi mtayo. Mng'ono wanu, mayi aang'ono a Dorofi, anabwera ndi amayi achikulire, anamukulunga m'chitenje, n'kukamuika m'kadzenje kosazama m'mphepete mwa manda. Bokosi ayi, nyimbo ayi, dzina ayi. Bambo ake ndi amalume akewo anatsala pakhonde, poti amuna sapitako. Ine anandilangiza kuti ndisagwetse msozi, ati ndikalira sindidzaberekanso. Ndinameza. Anthu ankandipatsa moni ngati ndangodwala malungo, mkaka ukungonyowetsa bulauzi.

Patapita masabata, chiliza chanu chinatha. Kunabwera abusa, kwaya, abale a ku Malengachanzi, ngakhale a Mariamu anzanu achisilamu aja munkagulitsa nawo usipa. Atangovundukula nsalu ine n'kuona dzina lanu pasimenti, zinandikanika. Ndinalira mofuula mpaka kugwa pansi. Mayi aang'ono anandikalipira kuti pachiliza salira chotero, zaka zonsezi ndikulirabe amanga ngati ndamwalira dzulo? Anthu ankangoti mwanayu ankawakonda amake.

Ndimakukondani, amayi, koma tsiku limenelo ndinangokubwerekani. Kuchokera pomwe ndinagwa ndinkaona kamtumbira kaja kuseri kwa mtengo wa msuku. Misozi yonseyo inali ya iye. A Benadi okha ndiwo anazindikira, poti nawonso maso awo anali komweko.

Abwerera kwa makoswe awo. Potsanzikana anandipempha kuti ndidekhe, ati ntchito zotere zimatenga zaka. Ndinawayankha kuti za kuona maso a nkhono n'kudekha ankandiuza ndinu, ndipo inuyo ndinkakumverani, koma ana a ku Bua alibe zaka zodikira, ali ndi tsiku limodzi kapena awiri. Ndinawapatsirabe mpunga wa paulendo.

Tsopano pempho langa ndi ili. Kumeneko kwafika kamwana kopanda dzina, katsitsi lakuda, kovala chitenje changa chobiriwira. Musakasiye kakuyendayenda. Kuno andiletsa kukatchula, ndiye ndikuuza inu nokha: dzina lake ndi Elesi, lanu lomwe. Mukaitana atembenuka, chifukwa ndinamunong'oneza m'khutu asanasiye kupuma. Ngati akubuulabe, mumuike pachifuwa panu mmene munkandichitira ine chifuwa chikandigwira.

Ine ndikulonjeza kuti achimwene sindiwapatsa mtendere mpaka mankhwala awowo adzatsike matola pa boma pano. Ndipo ndikamabwera kudzasesa pachiliza chanu, tsache lizifikanso kuseri kwa msuku, anene asanene.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati, make Elesi