Kofiira ka Makona Anayi

Kandege 18:47
ndatsika. mdima bii. minibasi yandisiya pa chigayo. kumanja kapena kumanzere?

Mlamu 18:49
kumanzere mlamu. tsatani agalu akuuwawo, ndi athu. ndikanakuchingamirani koma mwendowu ukadali m'chikhakha

Kandege 18:50
agalu akuuwa mbali zonse alamu

Mlamu 18:53
kkkk mufika. koma chithunzi cha droni yanu chija chandisowetsa tulo. chimanga chonse chobiriwira, pakati penipeni kofiira psuu. munati kufiira ndi matenda. aganyu ndawauza kale, 6 koloko mmawa adzadule mizere yonse yozungulira asanafalikire

Kandege 18:54
ndinati kufiira ndiye kuti droni sikuona masamba athanzi. sindinati dulani. phesi ngakhale limodzi musakhudze plz

Kandege 18:55
achemwali, amuna anu sakuyenda. inu mwakaonako kumundako?

Kandege 19:08
achemwali

Kandege 19:15
ndikuona mwawerenga

Mlamu 19:17
ali kukhitchini. ukangotchula munda amayamba chifuwa

Kandege 19:36
ndili pageti, tsekulani. chithunzi chija ndachikuza ndili m'njira. kofiirako kali ndi makona anayi. mamita 6 ku 4. matenda sayenda ndi chingwe choyezera

Mlamu 19:37
matenda a masiku ano ngophunzira. 6 koloko zikwanje zilowa basi

Kandege 05:21
ndili m'munda ndi tochi. mame mpaka m'chiuno. nsapato zanga zoyera ziuse mumtendere

Kandege 05:33
matenda anu ndawapeza
[chithunzi]
nazale ya tomato. mabedi atatu, ofunditsidwa udzu wouma. keni yothirira ili pambali. droni inaona udzuwo. chimanga chili bho, mbozi olo imodzi

Mlamu 05:34
tomato?? m'munda mwanga? wafesa ndani

Kandege 05:35
keniyi ndaizindikira. ndinapereka ndine pa ukwati wanu

Achemwali 05:41
[mawu, 0:24]
abambo a m'nyumba, zaka zitatu ndikukupemphani kamalo ka tomato, inu mumvekere chimanga chokha. mutathyoka mwendo ndinazula mizere isanu. m'mbali monse ndinabisa bwinobwino. kumwamba ndiko ndinaiwala

Kandege 05:42
alamu?

Kandege 05:50
alamu, mbande zake ndi zonenepa. zikufuna kuwokera sabata ino

Mlamu 05:57
aganyu afika

Achemwali 05:57
ndiye?

Mlamu 06:04
ndawatuma akadule timitengo toimikira tomato. zikwanje zisabwerere chabe. koma woyamba kupsa ndi wanga, ndi chindapusa

Achemwali 06:05
mudzakathyole nokha, mwina mwendowo ungachire msanga

Kandege 06:19
nkhani yatha. ndikuthamangira minibasi ya 6:30. munda wina ukundidikira. zkm tiyi

Achemwali 06:21
uyende bwino iwe. koma droni yakoyo uilangize. pakhomo pa anthu timayamba ndi odi