Zikhadabo za zinziri za alamu

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi ana. Nanga amayi, mutu uja unaleka? Ine kuno thupi lili bwino.

Mwakhala mukufunsa kuti sukulu yosoka ikuyenda bwanji. Lero ndikuuzeni zoona, sindinapondeko. Achimwene nthawi zonse amati tidikire mwezi wamawa. Chimene ndaphunzira kuno ndi kuwenga zikhadabo za zinziri.

Musaseke. Alamu, akazi a achimwene, amaweta zinziri pakhonde, m'khola lamatabwa lokongola kuposa bedi limene ndimagonapo. Si zandiwo ayi, amangoti ana anga, ndipo iliyonse ili ndi dzina. Poti sizipalasa pansi, zikhadabo zimakula mpaka kupindika, zala n'kuyamba kukhota. Ndiye ine ndimagwira imodziimodzi, kuikulunga m'kathaulo, n'kupita nayo pawindo. Pakuwala mumaoneka kamtsempha kofiira m'kati mwa chikhadabo, ndipo umadula kansonga kokha osafika pamenepo. Zitosi zikaumira kuzala ndimaviika timapazito m'madzi ofunda, kupukuta, n'kudzoza mafuta. Utuchi ndimasintha m'mawa uliwonse kuti mapazi asatupe. Mafuta amenewo tsiku lina ndinapakako kuzidendene zanga zong'ambika, alamu anazindikira botolo n'kundifunsa ngati ndamera nthenga.

Sabata yatha zinavuta. Pali zinziri ina ya zikhadabo zakuda, kamtsempha sikaoneka. Alamu anaima kumbuyo kwanga akuti ndidule kwambiri chifukwa inawakanda pamkono. Ndinati ndikuopa, iwo anati sanandifunse maganizo. Nditangodula, magazi. Ndinathamangira ufa kukhitchini n'kutsinira pachalapo mpaka analeka, koma alamu anali atakuwa kale kuti ndawaphera mwana. Achimwene anachoka kuntchito kudzatitenga pagalimoto, ine kumbuyo nditafungatira mbalame.

Dokotala wa ziweto anaiyang'ana n'kunena kuti palibe choopsa. Kenako anatiyang'ana ine ndi achimwene, n'kuseka, amvekere mphuno zathu n'zofanana, kodi ndine mlongo wawo? Achemwali, ndinali nditayamba kale kumwetulira. Achimwene anayang'ana kwa alamu, n'kuyankha kuti ayi, ameneyu ndi mtsikana wothandiza ntchito zapakhomo.

Pobwerera ndinakhalanso kumbuyo. Ine ndinkangoyang'ana nkhongo ya achimwene, pamene pali chipsera chija cha tsiku limene anagwa mumtengo wa mango inu n'kuwabereka mpaka kuchipatala. Madzulo anandipeza ndikutsuka mbale, anati ndisazitengere kumtima, anthu a kuno amafunsa zambiri ndipo anangofuna kufupikitsa nkhani. Ndinawafunsa ngati mawu oti mlongo ndi aatali kuposa amene ananenawo. Anangotsegula firiji n'kutseka osatengamo kanthu. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limenelo kuno alitayira kuseri kwa nyumba.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Alamu ndi oyembekezera, ndipo ndawamva akupangana ndi achimwene zoitanitsa mzime wathu kuti adzalere mwana. Adzauza amayi kuti kuno kuli sukulu zabwino, mawu omwe aja ananena pobwera kudzanditenga ine. Chonde kanani. Amayi sangawakanize achimwene, mukudziwa mmene amawanyadira, koma inu amakumverani. Mwanayo ali ndi mutu wabwino, amalize sukulu ali komweko ngakhale azipita wapansi. Mukamva kuti tikiti yatumizidwa, ibwezeni.

Za kwa dokotala zija musawauze amayi, angadwale nazo. Muzingoti ndikuphunzira. Ine ndapeza telala wina pafupi ndi msika amene wavomera kuti ndizikamuthandiza kusoka mabatani masana alamu akachoka. Dzanja likazolowera ndidzatuluka m'nyumba muno ndi mapazi anga, osatsanzika kawiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga bambo a ana, kwa azakhali ndi amalume, ndi ana onse mmodzimmodzi. Mzime mumuuze kuti ndamukaniza ndine, akafuna kukwiya akwiyire ine. Bola andide ali kwathu.

Tsalani bwino,

Ine mng'ono wanu,
uja wa mpata m'mano