Mawaya anayi amene sanalire

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno tilipo, mwana wayamba kuyenda.

Ku wailesi ntchito ndi yomwe ija. Lachiwiri anandipatsa chingwe chonyamula mawu kuchokera mu situdiyo, cha mawaya asanu ndi atatu m'kati, kuti ndione ngati pena paduka. Timalowetsa kamluzu mu waya uliwonse, ine n'kumamvetsera nditagunditsa hedifoni kukhutu limodzi. Anayi oyamba analira bwino. Nditabwerako kopuma, anayi otsalawo anali zii. Ndinawadula, kuwotcherera, kuyesanso, koma zii yemweyo.

Mnzanga wosakaniza mawu atamvetsera anadzidzimuka. "Aise, ukufuna kundigonthetsa? Onsewa akuliratu!" Anaseka, kenako anasiya ataona khutu limene ndinagwira. Ndinali nditasinthira lakumanzere osazindikira.

Mwina ndi chimfine, mukudziwa mmene ndimakulitsira zinthu. Abwana sakudziwa, ndipo mnzangayo wati satsegula pakamwa. Mayi a mwana sindinawauze, ndimangokhala mbali ina ya mpando, khutu lakumanja lili kwa iwo, akamalankhula.

Azakhali, inu munakula nawo bambo. Kodi zawo za makutu zija zinayamba ali ndi zaka zingati?

Ndine mwana wa mlongo wanu.