Kompresa Yaing'ono ya kwa Faizal

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndatsegulanso shedi. Lero ndi tsiku lakhumi chiphulikire thanki ya kompresa yanga yakale yopopera matayala. Khutu lakumanzere likungolira ngati mwalowa nkhululu, lakumanja ndi lomwe latsala.

Tsiku lonse njinga zakapalasa zinayi basi, pampu yamanja. Malole a nzimbe amachepetsa liwiro, dalaivala n'kusuzumira, n'kuona chibowo chomwe chitsulo chinaboola pakhoma, n'kupitirira. Wokonza matayala wopanda mpweya ndi munthu wanji?

Mkazi wanga Rute wandipatsa ndalama za mpunga wake wonse wa chaka chino, zomwe amasungira malata a nyumba. Akuti, “Mukagule kompresa yoyenera, bambo. Mpunga wina ndi chaka chamawa.” Ndalandira ndi manja awiri, maso pansi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ku Dwangwa, kushopu ya Faizal. Ali nazo kompresa ziwiri. Yaing'ono, yofiira, malita makumi asanu, yoti munthu n'kuikoka ndi dzanja limodzi. Yaikulu, malita mazana awiri, ya lamba, yaitali ngati bwato la munthu mmodzi. Ndalama za Rute zikukwana yaikuluyo ndendende.

Faizal analankhula zambiri. Zoti ndisamangoyang'ana thanki, ndiziona mpweya womwe makina akutulutsa pa mphindi imodzi. Amaloza manambala pakachitsulo ka pambali. Koma anaima mbali ya khutu lakufali, ndipo kunja kumadutsa mathirakitala. Ndinamva theka. Kunena kuti abwereze ndinachita manyazi, ndimangogwedeza mutu ngati wodziwa.

Kenako anati andiyatsire yaikuluyo ndiimve.

Sindikukumbuka kutuluka. Ndinangopezeka ndili kutsidya la msewu, ndagwira mtengo wa magetsi. Faizal ali pakhomo: “Achimwene, kwagwanji?” Ndinati ndinaona munthu wodziwana naye.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Mwera tsiku lonse. Sindinatuluke.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndinakaona a Kalilu ku Ngala, aja anapuma ntchito ya umakaniko kufakitale ya shuga. Ndinawapeza akusoka ukonde wa mdzukulu wawo. Ndinakhala moti khutu labwino liloze kwa iwo.

Sanachedwe nayo nkhani. Akuti kompresa sasankhira tayala laling'ono lomwe umapopa tsiku lililonse, amasankhira tayala lalikulu lomwe lingakupeze. “Iwe Layson, amakudyetsa ndani pamsewu paja? Si malole? Kakang'onoko kazidzangolira osapuma, kadzatentha, kadzapsa. Tenga ya lamba. Imayenda pang'onopang'ono, imapuma, imakhalitsa.”

Ndinafunsa ngati thanki yaikulu siphulika kwambiri. Anasiya ukonde. Anandifunsa kuti yakale ija ndinkaikhetsa madzi kangati. Madzi ati? Akuti pansi pa thanki iliyonse pali kampopi, umatsegula ukamaweruka, madzi obwera ndi mpweya atuluke. Ukapanda kutero dzimbiri limadya m'kati mpaka chitsulo kukhala ngati pepala.

Zaka zisanu ndi ziwiri. Sindinakakhudzepo kampopi kameneko. Ndinkayesa ndi bauti wamba.

A Kalilu anangoti, “Wallahi, unapulumuka,” n'kutolanso ukonde.

Chitsulo chija chinadutsa pomwe Rute amakhala akamagulitsa nthochi. Anali atangonyamuka kukatunga madzi. Anthu onse amati ndi ngozi, ndipo iye amauza aliyense kuti makina anali okalamba. Sindinamuuze za kampopi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ndagula yaing'ono.

Ndinapita ndi mtima wotenga yaikulu, Mulungu akudziwa. Nditaima pafupi nayo, ndinangoona kukula kwa mimba yake, mpweya wonse uja utatsekeredwa m'shedi yanga, ine ndi Rute tili pompo. Dzanja linaloza yofiira lokha. Faizal anafunsa kawiri ngati ndimapopa malole. Ndinati mwa apo ndi apo.

Kunyumba ndanena kuti yaikulu ndinapeza atagula ena. Ndalama zotsala ndamubwezera Rute. Sanafunse kanthu, wangoti, “Bola ikugwira ntchito.”

Loweruka, 10 Ogasiti

Ikugwira! Njinga zamoto za kabaza zisanu ndi zitatu, minibasi imodzi. Ndikaiyatsa ndimaima panja, koma palibe wazindikira. Ndakhetsa madzi poweruka, atuluka okwana sipuni. Mwina a Kalilu anakokomeza. Ndadya bwino lero.

Lolemba, 12 Ogasiti

Khalidi anaima cha m'ma 10 ndi lole yodzaza nzimbe, tayala lakumbuyo litaphwa. Kasitomala wanga wa zaka zambiri, ndi amene anandibweretsera madalaivala anzake. Anasangalala kundiona ndatsegula. Kumata chubu sikunavute.

Kupopa.

Poyamba geji ya mpweya inakwera bwino. Itafika pakati inayamba kukwawa, kenako inangoima. Kamakina kakulira osapuma. Ndikathimitsa, ndikaphimba ndi nsanza yonyowa, ndikayatsanso. Tayala lofewabe moti chala chikumva. Ola lathunthu. Khalidi amangoyang'ana foni, chifukwa nzimbe zikachedwa pasikelo ya kufakitale amakalipiridwa ndi iyeyo. Ndinati tiyese komaliza, ndipo ulendo uno sindinathimitse.

Fungo la waya wopserera. Kautsi. Zii.

Khalidi sanakalipe, bola akanakalipa. Anaimitsa kapikapu, anakweza tayala kupita nalo ku Dwangwa. Ali pamwamba anati, “Achimwene, mukanangondiuza poyamba pomwe.” Lole inakhala kutsogolo kwa shedi mpaka 3 koloko, aliyense wodutsa akuiona.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Ndinabwerera nayo kompresa ija kwa Faizal. Ananunkhiza mota kamodzi kokha. Akuti yapsa chifukwa cha ntchito yosakhala yake, sangailandire. “Ndinakufunsani kawiri, achimwene.” Zoona, kawiri.

Yaikulu ikadali pomwe paja. Aiphimba ndi pulasitiki.

Ndabwera nayo pa kabaza, yofiirayo nditaifungata pamiyendo ngati mwana wodwala.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Rute anapita ku Dwangwa kukagula sopo ndi mchere. Sindinaganize n'komwe kuti angalowe m'shopu muja. Akuti amafuna kukachonderera Faizal kuti atichitire chifundo.

Atabwera anaika jumbo pansi, anakhala pa tayala lakale moyang'anizana nane.

“Yaikulu ija ilipo. Faizal akuti sinachokepo.”

Ndinanena zonse. Za kuthawira kutsidya la msewu. Za kampopi. Zoti chitsulo chomwe chikanamupha chinachita dzimbiri m'manja mwanga, zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimayembekezera kulira, kapena kutukwana. Anayang'ana zikhatho zake, zomwe zikadali ndi mabala a zenga a pokolola mpunga.

Kenako anati, “Mantha ndikanawamvetsa. Ndikanapita nanu, ndikanaima nanu pomwepo akuyatsa. Koma mwadya chakudya changa masiku asanu ndi limodzi mukundiyang'ana m'maso.”

 

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sitinalankhulane. Wachapa zovala zake zokha.

Loweruka, 17 Ogasiti

Rute wapita kwa amayi ake ku Mwadzama. Akuti akufuna akapume, za tsiku lobwerera sananene. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pamsewu, sanakane.

Minibasi inaima pa shedi penipeni. Analowa, anakhala mpando wakumbuyo, cha pazenera. Kondakitala anatsika, anamenya tayala la pansi pa mpando womwewo ndi chidendene. Linali lofewa, nanenso ndinali nditaliona kale ikubwera.

“Madala, mpweya ulipo? Tiwonjezere pang'ono, katundu watilemera.”

Rute anatembenuka n'kundiyang'ana.

“Palibe,” ndinatero.

Kondakitala anati akaonera kutsogolo, anamenya chitseko, ananyamuka. Ndinaima pakati pa msewu, maso pa tayala lija likufwamphuka m'mbali pa bampu iliyonse, mpaka anakhota pa mlatho.