Tamara Anamubweza Pageti

Okondedwa ba Sisi,

Muli bwanji ku Botswana kumeneko? Kuno ku Chawama tili bwino, chifuwa cha amayi chachepako.

Munalemba kuti kumeneko ana aakazi ndi ambiri m'sukulu za mkaka. Ndinalira powerenga. Pa mapasa athu aja, amuna anga analembetsa Yohane yekha, akuti Tamara azikhala ndi khanda ine ndikamagulitsa kumsika.

Lolemba Tamara anasamba yekha n'kutsatira mlongo wake mpaka pageti la sukulu. Aphunzitsi anamubweza. Ndinamupeza atagwira waya wa mpanda, akuyimba nawo nyimbo ya m'kalasi. Anandifunsa kuti, "Amayi, ine ndinalakwa chiyani?" 

Chonde ba Sisi, aimbireni foni alamu anuwa kuti amulembetse Tamara naye, inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Misozi