Dalaivala wa Arnold

Hobhouse, Mutare
14 Ogasiti 2023

Okondedwa make Tinashe, mwana wanga Vaileti,

Ine ndili bwino, kupatula maso. Ndikhulupirira ku Joni mukudzuka bwino.

Kompyuta munandisiyira ija inapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Kachipangizo kowerengera khadi kanapulumuka, pamodzi ndi khadi ya bungwe lathu la nyumba, imene munati ndiyo siginecha yanga tsopano. Tsiku lotsimikizira kuti nyumbayi ndi yanga litayandikira, Arnold, amene amachita lendi chipinda chakumbuyo, anabweretsa kompyuta yake. Akuti yanu inali ya Linakisi, yake ndi ya Windozi. Tinalumikiza kachipangizo, koma kanangoti zii.

Ndinamuuza mawu anu, kuti kachipangizoka kamafuna pulogalamu yokayendetsa yotchedwa dalaivala, komanso kuti pali dalaivala waulere amene amayenda pa makina alionse, ndipo aliyense akhoza kumutsegula n'kuona mmene amagwirira ntchito. Anaseka. Anati, "Sekuru, inu munakhala ku njanji zaka makumi atatu. Munaonapo dalaivala wosalipidwa akufikitsa sitima?"

Sindinamuonepo. Ndinamulola aike wake.

Wakeyo anagwiradi ntchito, sindinama. Chokhacho, nambala yachinsinsi sanaifunse pa timabatani ta kachipangizo monga kale, anaifunsa pa kompyuta. Zilembo za pamenepo n'zazing'ono, ndipo munthu amene anakhalapo kapitawo sapapasa ngati nkhuku pamaso pa mwana. Ndinaitchula mokweza, iye n'kulemba. Khadi inagona kwake masiku awiri, akuti dalaivala aizolowere.

Musadandaule, inabwerera yosakandika.

Dzulo kunabwera bambo wina wa ku Dangamvura ndi tepi yoyezera. Anayeza kuchokera pa geti mpaka pa mango amene mayi anu anabzala. Ine anandipatsa moni waulemu ndithu, koma mafunso onse okhudza denga ndi mapaipi ankafunsa Arnold. Potsanzika anandifunsa ngati kumudzi ku Zimunya ndili ndi abale oti angandisunge.

Sindikupempha kanthu. Ndingofuna kudziwa ngati dalaivala wa mtundu umenewu amasunga zimene wamva, ndiponso ngati khadi ingasaine mwini wake ali m'tulo. Ngati tchuthi chilipo, bwerani lisanafike Lachisanu, pakuti bambo uja akubweranso ndi galimoto.

Moni kwa Tinashe ndi bambo ake. Zina ndikanawonjeza, koma wondilembera kalatayi ndi Petronella, mkazi wa Arnold, amenenso akaiponye. Akuti ndikupatseni moni.

Ndine bambo wanu,
Makaiko